Mkamwini wa Kashibaki

Mng'ono wanga atandiuza kuti wapeza mwamuna, amalume kwathu ku Ntcheu anandisenzetsa ine udindo wonse. Iwo sakanatha kubwera kuno, ndiye pa foni anati, "Iwe ndiwe maso athu. Umuone munthuyo. Ukati ndi wabwino, tilandira akwawo. Ukati ayi, nkhani ithere pomwepo." Masiku amenewo ndinali namwino pa chipatala china ku Bradford, ndipo mng'ono wangayo ankakhala nafe pakhomo, akugwira ntchito yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za azungu.

Mwamunayo anali akauntanti ku Manchester, mmodzi wa aja anabwera kudzaphunzira n'kukhaliratu. Mwambo wake ngodziwika: wofuna mkazi amabwera pakhomo, mumamuphera nkhuku, n'kumuona kadyedwe ndi kaperekedwe ka moni. Ine ndinali nditagula kale nkhuku yolimba ija kwa amwenye a pakona, yoyandikirako ku yachikuda. Koma bambowo anatumiza uthenga woti tisavutike, ifeyo ndiye tipite ku Manchester akatidyetse ku lesitilanti. Ha! Wofunsira mbeta kuitanitsa eni mbumba! Amuna anga anati tingopita, kuno n'kwa eni. Nkhuku ija ndinaikankhira mufiriji ndikung'ung'udza.

Loweruka masana tinakwera sitima atatu. Tinawapeza atakhala kale patebulo, taye pakhosi, mafuta onunkhira ngati agwera m'botolo. Sanafunse za ana, sanafunse za kumudzi. Tisanamalize n'komwe kuvula majekete, anasolola khadi la ngongole m'chikwama n'kuliika pakati pa tebulo ngati chithunzi cha mwana woyamba.

"Alamu," anatero, ngati ulamuwo wina wawapatsa kale, "khadi sumangotola. Ine ndinakhala pansi n'kuwayerekeza onse. Lina limabweza ukagula petulo, koma ine galimoto ndilibe. Lina limabweza ku supamaketi, koma ine sindiphika. Ili ndiye linandiyankha. Ndikadya kunja kapena kukaonera kanema, banki imandibwezera kangachepe. Amati kashibaki. Ndiye kuti ine ndikamadya, ndikupanga phindu."

Anaseka okha. Ine m'mutu munabwera maulendo onse aja a mng'ono wanga: kuweruka miyendo itatupa, kuthamangira sitima, akuti kukaonera kanema ku Manchester. Akabwera ndikamufunsa kuti filimuyo inali ya chiyani, sankadziwa, chifukwa ankangogona pampando. Ine ndinkati ndi chikondi. Kani munthu ankadyetsa khadi.

Chakudya chake chinali supageti womata ndi timasamba taziwisi, zimene ine ndikanachita manyazi kupatsa mlendo. Koma kukakamiza kwake! "Onjezerani, alamu, musaope. Achimwene, botolo lina? Ayisikilimu bwanji?" Bilu itabwera anakweza khadi lija m'mwamba kuti ngakhale ophika kukhitchini alione. Amuna anga, anthu aulemu wawo, anaomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Mwatilemekeza, zikomo kwambiri." Kunena zoona, nanenso mtima unayamba kufewa. Ndinati munthuyu ndi wolongolola, wodzimva, koma mwina dzanja lake ndi lotambasuka.

Ndinapita kukasamba m'manja. Pobwerera ndinawaona awiriwo m'kanjira kopachikamo majekete, atandifulatira. Mng'ono wanga anatulutsa ndalama zopindapinda m'chikwama chake n'kuwapatsira. Bambowo anazitambasula, kenako ndinawamva ndi makutu angawa akufunsa kuti, "Za ayisikilimu wa alamu zilimo?" Mwana wa mayi anga anangogwedeza mutu kuvomera.

Ndalama zimenezo ndinkazidziwa kumene zachokera. Mwezi wonse umenewo mng'ono wanga sanaponde kutchalitchi, ankatenga mashifiti a Lamlungu, kunyamula nkhalamba zolemera mpaka msana kuchita kumuwotcha ndi botolo la madzi otentha. Ndiye ife tinavala bwino, kukwera sitima, kukathokoza munthu ndi m'manja chifukwa cha chakudya chogulidwa ndi msana wa m'bale wanga. Zonyansa!

M'sitima pobwerera, amuna anga akusinza, ndinamufunsa mng'ono wanga za ndalama zija.

"Timatero nthawi zonse, achemwali," anayankha akuyang'ana pawindo. "Amati aliyense azilipira za mbali yake, koma zizidutsa pa khadi lawo kuti phindu lisatayike. Akuti kuno anthu amatero."

"Anthu ake ati? Nanga phindulo amakugawirako?"

Iye anangoti, "Chonde musawauze amalume. Zaka zikupita, ndipo mukudziwa nokha kuti amuna akwathu kuno ndi ochepa."

Ndinamumvera chisoni, chisoni chenicheni, chifukwa sankanama. Koma munthu wokulipiritsa pa tsiku limene akukupempha kwa abale ako, adzakutani ukadzagona ndi pakati osatha kupita ku shifiti?

Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinaimbira amalume. Mng'ono wanga anaima pakhomo la khitchini, manja atapinda.

"Wakulandirani bwanji mkamwiniyo?" anafunsa amalume.

"Tinadya mpaka kukhuta, amalume. Koma anatidyetsa ndi mwana wanu yemweyu, ndi ndalama zake zosambitsira nkhalamba. Bambowo ntchito yawo inali kukweza khadi m'mwamba ndi kulandira zikomo."

Pa foni ndinkamva mbuzi ikulira kutali uko kumudzi.

"Ndiye iwe ukuti chiyani?"

"Ndikuti ayi."

Nditacheuka, pakhomo paja panalibe munthu. Ndinangomva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi m'chipinda cham'mwamba. Ndinakwera, ndinagogoda, ndinamuitana ndi dzina lake la paubwana, koma sanatsegule. Sabata isanathe anasamukira ku Manchester.

Anakwatirana chaka chomwecho ku ofesi ya boma, popanda ankhoswe, popanda wachibale ndi mmodzi yemwe. Amayi ena a kutchalitchi kwathu amene anapitako anandiuza kuti phwando linali ku lesitilanti, kuti mkwati analipira yekha ndi khadi anthu akuomba m'manja, ndipo potuluka mkwatibwi anaima pakhomo ndi velo lake kulandira ndalama za mbale kwa aliyense. Ine sanandiitane.