Mafupa a Mbuzi a Mwandida

Inu amene mwalakwitsa kuntchito ndipo mukuganiza zongosiya, tamvani za Mwandida wa ku Sinda.

Mwandida ankaphunzira ntchito mu labu ya chipatala china ku Katete. Dokotala akafuna kufufuza matenda a magazi, amabaya singano m'fupa la m'chiuno n'kukoka mafuta a m'mafupa. Wa mu labu amawapaka mopyapyala pa kagalasi, kuumitsa, n'kuthira utoto kuti aoneke pa maikulosikopu, makina okulitsa tinthu ting'onoting'ono.

Tsiku loyamba kumupatsa ntchitoyi, analakwitsa. Anapaka mochindikala ngati akumata khoma, utoto n'kungoda bii. Dokotala sanaone kanthu. Mayi amene anamukoka mafutawo anabayidwanso, ndipo kulira kwake Mwandida anakumva ali panja. Anatenga chikwama kuti azipita kwawo.

A Ignatius, mkulu wa labu, anamupeza pakhomo. "Mayi aja ululu aumva kale," anatero. "Mukachoka, aumvera pachabe."

Anabwerera. Loweruka lililonse ankapita kumsika kukapempha mafupa a mbuzi kwa ogulitsa nyama, omwe ankamuseka kuti msuzi wakewo udzapsa liti. Iye ankaswa mafupawo, kupaka mafuta pa timagalasi takale, kuthira utoto, kuwerenga mphindi, kutsuka, kuyambiranso. Miyezi isanu ndi umodzi zala zake zinali zabuluu. Ndinaziona ndekha, ndipo mpaka lero ndimamugomera.

Kenaka kunabwera Yunesi, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wochokera ku Vubwi, atatumbuluka, magazi akungomuthera. Dokotala anabaya, koma kunatuluka kadontho kamodzi kokha. Kakanawonongeka, mwana akanabayidwanso. Mayi ake, misozi ili mbwembwembwe, anapempha Mwandida kuti singano ija isalowenso kachiwiri.

Mwandida anagawa kadonthoko pa timagalasi titatu kasanaundane. Anapaka mopyapyala. Anaumitsa, anathira utoto, anadikira mphindi zake, n'kutsuka modekha.

Dokotala anayang'ana pa maikulosikopu nthawi yaitali, kenaka anadzutsa mutu. "Kagalasika kakuonetsa matenda bwinobwino. Sitibayanso, mwanayu ayamba mankhwala mawa."

Lero Mwandida ndi amene amaphunzitsa atsopano mu labu muja.

Kulakwitsa kumawawa, makamaka wina akalira chifukwa cha inu. Koma musataye mtima. Bwererani mawa mukaphunzire, kuti wotsatira asalire.