Mbawala ya Mwini Muvi

Malemu Ollo Kambire wa ku Kampti anayamba kugwira uta imvi zitamera kale, ndipo ulesi unali wachibadwa. Anzake ankasula mivi yawo n'kuilemba mizere yoizindikirira, koma iye ankangobwereka ya mlamu wake Sansan, uku akulonjeza mkazi wake nyama.

Pa uzimba wa m'chilimwe, mwamwayi wa chitsiru, analasa mbawala, navina mpaka fumbi kobo. Akuluakulu atazula muviwo anapeza mizere ya Sansan. Paja kwathu nyama ndi ya mwini muvi.

"Nanga wakoka uta ndani?" anadandaula Ollo.

"Ndinu, alamu," anatero Sansan, yemwe tsikulo sanaponye n'komwe. "Tandisenzerani nyama yangayi."

Ollo anaisenzadi, nadutsa nayo pakhomo pake penipeni, mkazi wake atatereka kale mphika pamoto.