Odi pakhomo la mgodi

Amalume, chimwalirireni inu sindinakhudze katundu wanu, koma lero ndikusesa m'galaja kuno ku Oshawa, m'dziko lozizira lino la kutsidya kwa nyanja, ndapeza ndodo yanu yoyendera, matope akadali kunsonga. Ndakumbuka tsiku lija tinakwera zitunda za tauni yakale ya migodi ya siliva, kumpoto uko. Ine ndinkathamangira kujambula zithunzi, inu mukubwera pang'onopang'ono, chifuwa chomwe munatenga kumigodi ya ku Joni chikulira.

Titafika pakhomo la mgodi wotsekedwa, munavula chipewa n'kunena kuti, "Odi." Ndinaseka. "Mukuodira ndani, amalume? Muno mulibe munthu." Munandiyankha motsitsa mawu: "Alimo. Mgodi uliwonse uli ndi ena amene sanatuluke."

Ndodoyi sinditsuka. Kukafunda ndibwererako nayo, ndikavule chipewa pakhomo paja, ndikaodire. Ulendo uno sindikaseka.