Waya womangidwa ndi luzi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira. Tinali titangobwerera ku Milange kuchokera ku Muloza, komwe tinathawira nkhondo. Agogo ankagulitsa chinangwa chophika pakhomo pa ofisina yokonzera magalimoto ya mmisiri wamkulu, a Mesitire Albino, ndipo tsiku lina anangondikokera m'katimo. A Mesitire anati andiyesa milungu iwiri. Ndikapanda kuonetsa nzeru, ndikasenze katundu pamalire.

Masiku onsewo ndinkangotsuka zitsulo m'palafini ndi kupatsira masipanala, osatsegula pakamwa. Tsiku lomaliza kunabwera galimoto yoyera yonyamula anamwino, yochokera ku Blantyre. Dalaivala wake, a Chikopa, analoza kanyali kachikasu kolembedwa ABS.

"Chiwolokere Ruo kakukana kuzima. Mabwana akuti ku Mongue sitipita kasanazime."

Tonse tinali tisanakaonepo. A Chikopa anati kamayang'anira makina oletsa matayala kukwekwereza pansi munthu akaponda buleki mwadzidzidzi. A Mesitire anayang'ana mafuta a buleki, mapadi ndi mafyuzi, zonse zili bwino. Tinachotsa mpweya m'mapaipi, ine ndikupopa ndi phazi mpaka mwendo kuuma. Kanyali kali ngwee.

"Tingochotsa babu," anatero a Mesitire.

"Achimwene, mukufuna andichotse ntchito?" anatero a Chikopa.

Akukangana choncho, a Mesitire ananditumiza kunsi kukapala matope, galimoto ili pa jeke. Ndinaona kuti tayala lililonse lili ndi waya wake wopita pafupi ndi mkombero wachitsulo wa mano. Atatu anali olumikizidwa. Wa kutsogolo kumanzere anali wozulidwa pa pulagi, wokulungidwa bwinobwino, womangidwa ndi luzi. Ndinawafaniziranso onse anayi ndisanayerekeze kulankhula.

"Mesitire, uyu wasiyana ndi anzake."

Onse anagwada kusuzumira. A Chikopa ataona luzilo anagwira kumutu n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Anatiuza kuti pa kontorole, pomwe asilikali amasecha magalimoto pamalire, iwo akuonetsa mapepala, msilikali wina analowa kunsi kukafufuza. Potuluka anawachitira sawasha n'kunena, "Ndakupulumutsani, shefi, bwana wanga." Iwo sanamve tanthauzo lake. Msilikaliyo anayesa ndi waya wa bomba, n'kuuzula n'kuumanga ndi luzi.

A Mesitire anandisiyira ine. Ndinamasula luzi, ndinapukuta pulagi, ndinailowetsa mpaka inati tswa. A Chikopa anapotoza kiyi. Kanyali kanayaka, kenako kanazima. Phokoso lake! A Chikopa anazungulira msika kawiri, akuimba hutala, kanyali kali zii.

"Lolemba ulawirire," anandiuza a Mesitire. "Koma ukaona kanthu uzinena msanga, iwe. Tataya mafuta a buleki pachabe."

Lero ndili ndi ofisina yangayanga, ndi makina owerengera matenda a galimoto. Komabe nyali ikakana kuzima sindiikwiyira, pakuti iyo yangonena zimene yaona. Ndimayamba ndagona pansi, n'kufanizira tayala ndi linzake, ndisanamasule bawuti ndi limodzi lomwe.