Mawu a Mlamu M'kamwa mwa Mlendo

Tsiku limene mtsikana wachilendo anafika, anapeza Mayi a Zigamba akukoka matiresi pamasitepe okhaokha, mapini atatu ali kukamwa, thukuta lili kamukamu. Moni sanapereke. Anangomulozera ndi chibwano kuti agwire mbali inayo. Mtsikana anaponya chikwama pansi n'kugwira, kudziwana kwake kunali komweko.

Dzina loti Zigamba linabwera ndi ntchito. Mayiwa ankasoka zong'ambika za anthu a m'nyumba yonse yosanjikizana ija: mathalauza obooka m'maondo, mazipi okana, makolala otha. Amuna awo anamwalira kalekale, n'kuwasiyira zipinda zitatu ndi mashini osokera olira ngati mbuzi ya chifuwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. Ndiye atamva kuti sukulu ina ikufuna mabanja osunga alendo odzaphunzira Chiarabu, chiyankhulo cha m'dzikomo, anakalembetsa. Ankati atopa kuyankhula ndi khoma.

Mtsikanayo anachokera dziko lakutali, woonda, magalasi aakulu kuposa nkhope. Anamutcha Kamagalasi. Chiarabu chake chinali cha m'buku, moti akamapempha mchere umangoti akuwerenga nkhani pa wailesi. Aphunzitsi ake anamuuza kuti azijambula pafoni zokamba za pakhomo, azimvetsera mobwereza mpaka lilime lifewe. Mayi anavomera. "Jambula, mwanangu. Muno mulibe chinsinsi, muli umphawi basi." Foni inkakhala patebulo, pafupi ndi chitini cha mabatani.

Tsono panali mlamu, mchemwali wa malemu aja. Ameneyu ankabwera Lachitatu lililonse ndi mwana wake wamwamuna, dalaivala wa basi, amene anali pafupi kukwatira. Kiyi wapadera wa nyumbayo anali naye. Mlamuyo sankamuwerengera n'komwe Kamagalasi. Kapu imene mtsikanayo wamwera ankaitsuka kawiri asanaigwiritse ntchito, ndipo ankanena pamaso pake kuti, "Kameneka kamamva chiyani? N'chimodzimodzi kuyankhula pali mphaka."

Miyezi imeneyo Mayi a Zigamba anayamba kudzikayikira. Kawiri anapeza gasi akutuluka kukhitchini, moto osayatsa. Tsiku lina lumo lawo linapezeka mufiriji. Mlamu ankangopukusa mutu mwachifundo.

"Alamu, mutu wayamba kutha uwu. Mudzawotcha anthu m'nyumba muno. Bwanji osapita kwa mwana wanu akakusamaleni? Achimwene aakulu ndawauza kale."

Achimwene aakuluwo, mkulu wake wa malemu aja, ndiwo anali ndi mawu omaliza pa nyumbayo. Mayi ankati akakhala pamashini misozi n'kumagwera pa thalauza la eni ake. Zaka makumi atatu m'zipinda zomwezo, lero achoke ngati wamisala?

Lachinayi lina Kamagalasi anabwera ndi foni. "Amayi, apa akuthamanga kwambiri, sindikumva. Tandithandizani."

Zinali za dzulo lake, nthawi imene mayi anatsika kukapereka diresi kwa mkazi wa ometa tsitsi. M'foni munatuluka mawu a mlamu, a m'mphuno aja, akuuza mwana wake: "Katsegule gasi uja pang'ono, fulumira asanakwere. Kachitatu aka, achimwene akamva amusamutsa basi. Iwe ndi mkazi wako mulowa muno. Kamtsikana kako n'konyansa, mano ngati makasu, mayi ake ndi mbuli, koma bambo ake ali ndi sitolo, ndiye ungopirira."

"Bwereza," anatero mayi. Anamvetsera katatu. Kulira sanalire. Analavula kaulusi kanali pamlomo, n'kumumasulira mtsikana liwu ndi liwu, osabisa kanthu, mpaka za mphaka zija anamukumbutsa.

"Phunziro labwino ili, mwanangu. Uliloweze pamtima."

Kamagalasi anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso. "Tiyamba liti?"

Masabata awiri athunthu sukulu inali pamashini. Mayi akupalasa, mtsikana ataima pambali akubwereza. "Iyayi! Mlamu wanga sayankhula ngati mwana wa sukulu. Tulutsira m'mphuno. Pa makasu apo ukoke, unyansidwe. Ehe! Chiarabu ndi chimenecho, osati cha m'buku chakocho."

Tsiku linakwana. Mlamu anatumiza uthenga kuti abwera ndi a kuchikazi kudzangopereka moni. Mayi anati abwere, ndipo mwakachetechete anaitananso achimwene aakulu. Anafika onse: mtsikana wokwatiwayo, bambo ake a sitolo, ndi mayi ake amene asanakhale n'komwe pansi anali akuyeza kale mawindo ndi maso, kuganizira makatani. Mayi a Zigamba anatulutsa makapu abwino aja, anathirira aliyense tiyi, anadikira kuti onse agwire kapu m'manja.

"Alendo anga, mwana wangayu anabwera wosadziwa ngakhale kupempha madzi. Lolani akuonetseni zomwe waphunzira m'banja lathu lino."

"Aa, kamphaka kayankhule timve," anaseka mlamu.

Kamagalasi anaimirira, manja kumbuyo ngati pa mayeso, n'kuyamba. Abale, anali mlamu weniweni! Mphuno yomweyo, kukoka komweko. Poyamba anthu anaseka. Pofika pa gasi anasiya. Pofika pa makasu, mtsikana wokwatiwa uja anaphimba pakamwa ndi dzanja, mayi ake n'kuika kapu pa sosala.

"Bodza!" anakuwa mlamu. "Mwamuphunzitsa ndinu, mfiti inu!"

"Eya, ndamuphunzitsa ndine. Koma buku lake ndi ili." Mayi anakankhira foni pakati pa tebulo. "Ndiyatse?"

Dalaivala uja, mutu uli pansi, anati, "Musayatse, anti. Chonde."

Bambo a sitolo anaimirira, anagwira mwana wawo padzanja, n'kutuluka osatsanzika. Achimwene aakulu anangotambasula dzanja kwa mchemwali wawo. Mlamu anafufuza m'chikwama mpaka anaika kiyi uja m'dzanjamo. Potuluka anamenyetsa chitseko mpaka chitini cha mabatani chinagwa.

Akutola mabataniwo, Kamagalasi anati, "Amayi, koma mtsikana uja sanatilakwire."

"Alira sabata imodzi. Akanakwatiwa kumeneko akanalira mpaka imvi. Tola, lina lalowa pansi pa mpando."

M'mawa mwake amayi a m'nyumba yosanjikizana ija anali atadzaza pamasitepe, aliyense akunamizira kusesa. Mkazi wa ometa ndiye analimba mtima. "Mayi a Zigamba, dzulo kunali chiyani kwanu, zitseko kulira chonchija?"

"Palibe. Mwana wanga amalemba mayeso, ndipo wakhoza. Amene ali ndi zong'ambika abwere nazo monga mwa masiku onse, ine sindikupita kulikonse. Ndipo mukamuona mlamu wanga kumsika, mumuuze kuti mphaka akupereka moni."