Wotchi yanu ya ku Japani

Dzulo mdzukulu wathu Fabiyano anabwera kuno ku Bembeke atavala wotchi yodula ya ku Japani. Akuti siifuna batire, ingofuna kupukusidwa. Amandifotokozera ngati ndi zachilendo. Ndinangomuyang'ana, maganizo ali pa inu, bambo a Rozina.

Yanu ija munabwera nayo kuchokera kunkhondo yolimbana ndi Ajapani ku dziko la Bama, ndipo simunkaivala. Inkakhala m'kansalu, m'thumba la malaya. Ndikukumbuka m'mawa wina wa Juni, m'zaka za m'ma 1950, tili ndi mwana mmodzi yekha. Munkakonzekera kupita kukapalira mitengo ya paini ku Phiri la Dedza, koma zala zinakuumani ndi chisanu, kachitsulo kopukusira kaja kakukupulumukani. Munandipatsa wotchiyo, koyamba chikwatiranireni. "Pukusani pang'onopang'ono, mayi a Rozina. Mukamva kulimba, mulekere pomwepo." Ndinafunsa chifukwa chovutikira ndi wotchi yomwe simuvala, belu la kutchalitchi lilipo. Munati, "Mwini wake anali mnyamata ngati ine. Sanandipatse ayi. Ndiye isaime ili m'manja mwanga." Munatenga khasu n'kulowa m'nkhungu, ndipo nkhaniyo simunaibwerezenso. Nanenso sindinafunsenso.

Fabiyano amafuna kudziwa ngati yanu ija ikuyendabe. Ndinamuuza zoona. Pa maliro anu aliyense anatanganidwa, panalibe woikumbukira. Inu munasiya kupuma Lachiwiri, iyo inaima Lachitatu. M'manja mwanu sinaime.