Foni imene alamu anakonza

Linali Lachisanu lomaliza la mwezi wa Juni, 2 koloko masana, anthu atangobwera ku mapemphero a Juma kumzikiti, pamene alamu anga anatiitana tonse pakhonde kuti tidzaone nzeru zawo. Ine tsiku limenelo ndinkadikira yankho. Ndinali nditapempha amuna anga, amene ali ku Joni, kuti andilole ndibwerere kwathu ku Likoswe ndi mwana mpaka iwo adzabwere. Anati adzandiyankha Lachisanu.

Ndinkakhala kwa apongozi ku Njuli, ndipo foni yangayanga ndinalibe. Inalipo ya panyumba, yokhala pawindo. Amuna anga akaimba ankayamba ndi bambo awo, kenako mayi awo, kenako alongo awo, ine kumapeto, onse ali pomwepo makutu ali tcheru. Pamaso pa apongozi aamuna ine pakamwa sipatseguka. Ndinkangoti, “Ee, tili bwino,” basi.

Choncho ine ndi amuna anga tinapangana. Lachisanu akatuluka mumzikiti ankafulasha: foni inkalira kamodzi n’kuduka. Apongozi aakazi ankangoti, “Netiweki ya ku Joni imeneyo,” n’kupitiriza kusenda nandolo. Ine ndinkati ndikaitchaje kugolosale, n’kuikulunga m’chitenje, n’kukaima kuseri kwa khola la mbuzi. Pakapita kanthawi ankaimba zenizeni. Ukwati wathu chaka chimenecho unkachitikira kuseri kwa khola.

Alamu angawa ndi akulu awo a amuna anga. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, n’kubwerera kwawo ndi laputopu ndi magalasi. Kuntchito sankapita, kumunda sankapita. Ankati akulemba chinthu chimene anthu opanga mafoni a pa intaneti adzachifunafuna. Tsiku lina ndikutsuka mbale anaima pambali panga kundiphunzitsa.

“Mlamu, inu mumaganiza kuti foni imangolira? Ayi. Zisanalire zimayamba zalemberana timakalata. Ina imati: odi, ndine uje, ndikufuna uje. Inayo imati: ndamva, ndikumuitana. Mukayankha imati: lowani. Mukamaliza zimatsanzikana. Chinthu changachi chimawerenga timakalata timeneto n’kulemba mayankho ake. Mwamva?”

“Ee,” ndinatero. Mumtima ndinati, munthu zaka zinayi ku Blantyre kukaphunzira odi.

Kuti ayese chinthu chawocho anauza mng’ono wawo aike pulogalamu ina pafoni yake, inanso anaika pa ya panyumba, kuti mafoni ochokera ku Joni azidutsa palaputopu yawo. Mawu sankawamva, ankangoona timakalatato. Apa m’pamene mavuto awo anayambira.

“Pali cholakwika,” anatero Lachisanu loyamba, akukanda m’mutu. “Kakalata ka odi kabwera, pomwepo kabweranso kena koti ndasintha maganizo. Koma kachiwiri yalowa bwinobwino, mphindi zambirimbiri.”

Amene ankayankha kachiwiriko sanamufunse kuti ndani. Masabata atatu anafufuza cholakwikacho. Anafunsa azungu pa intaneti. Anafunsa mnzawo wa ku Lilongwe. Anaonda, magalasi n’kumatsetsereka pamphuno, mayi awo n’kumawaphikira mazira kuti mutu ugwire ntchito. Wakabaza aliyense pa Njuli akanawauza kuti zimenezo dzina lake ndi kufulasha. Ine amene ndinkawaikira tiyi pambali pa laputopu sanandifunse, ndipo akanandifunsa sindikanawauza.

Ndiye Lachisanu limenelo anatiitana. Apongozi aamuna anakhala pampando, chisoti chili kumutu. Apongozi aakazi ndi ana awo aakazi awiri pamkeka. Ine kumapeto kwa khonde, mwana ali pabere. Foni anali atailumikiza ku sipika yaikulu yobwereka, ija ya pa maukwati.

“Ababa, vuto lija ndalithetsa,” anatero alamu. “Tsopano odi akangofika, chinthu changa chikuyankha chokha kuti lowani. Nthawi yoti iduke palibenso. Koma nonse mukhale chete, ndikufuna ndimve ngati mawu akufika oyera.”

Ndinafuna kunena kuti ndikaitchaje, koma chingwe chinali cholumikiza kale.

Foni inalira theka chabe. Kenako mawu a amuna anga anadzaza bwalo lonse, mpaka nkhuku zinathawa.

“Aa, lero wayankha msanga bwanji, amake mwana? Uli kale kukhola?”

Alamu anaika chala pakamwa, akumwetulira. Apongozi aakazi anatembenuka kundiyang’ana. Ine ndinayang’ana mutu wa mwana.

“Halo? Pali munthu pafupi eti? Chabwino, ingomvera. Nkhani ija ndaiganizira. Pita kwanu. Ndikudziwa amayi amakutuma ngati alemba wantchito, ngakhale ine ndinathawa zomwezo. Koma usakanene kuti ndavomera ndine, iwe. Ukanene kuti mayi ako adwala. Ine akandifunsa ndidzati sindikudziwa kanthu.”

Mmodzi wa alamu aakazi anatseka pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

“Nanga achimwene? Akadali pa laputopu? Munthu ndevu zonsezo akudyabe mazira a amayi. Pulogalamu yawoyi ndinangoika kuti asalire.”

Kumwetulira kwa alamu kunatsala pankhope ngati kwaiwalika. Apongozi aamuna anakonza kukhosi, n’kuweramira ku foni ija pang’onopang’ono.

“Salaam aleikum, mwana wanga.”

Ku Joni kunangoti zii. Tinamva galimoto ikudutsa kumeneko. Kenako foni inaduka.

Alamu anayang’ana palaputopu nthawi yaitali, n’kunena motsitsa mawu, “Komabe zatsanzikana bwino. Kakalata komaliza kafika.”

“Kabweze sipika ya eni ake,” anatero bambo awo.

Apongozi aakazi anaimirira, anakutumula chitenje, n’kundifunsa mokoma kwambiri, “Nanga apongozi, mayi anuwo adwala liti? Mutiuziretu, tikonzekere kukawazonda.”

Masana onsewo ndinasinja chimanga chimene palibe anandituma. Ndikusinja ndinkaganiza za mwamuna amene anandipatsa chilolezo ndi dzanja limodzi, dzanja linalo akubisa nkhope. Bodza anandikonzeralo linali litamveka mpaka kumsewu. Chinatsala n’chilolezo chokha, ndipo chimenecho anachimva anthu asanu ndi mmodzi, pa sipika ya pa maukwati. Sakanachikananso.

M’mawa mwake ndinasesa bwalo, ndinatunga madzi, ndinamanga zovala zanga ndi za mwana m’chitenje. Kenako ndinakagwada pakhomo pa apongozi. Onse awiri anali m’katimo akumwa tiyi. Mawu anatuluka aang’ono ngati a mwana wa sukulu, koma anatuluka.

“Amayi anga ali bwino. Ine ndikupita kwathu. Mwana wanu anavomera.”

Apongozi aakazi anatsegula pakamwa, koma amuna awo anakweza dzanja.

“Tinamva,” anatero. “Njuli yonse inamva.”

Ndinabereka mwana, ndinasenza mtolo wanga, ndinapita kusiteji kukakwera kabaza wa ku Likoswe.